Mutu 6: Fyuzi Yakuda mu Ampulifaya ya Ababa

1. Tsiku la achemwali

Loweruka limenelo kwa Kawaya kunacha ndi phokoso. Amayi anali kukhitchini akulamula mapoto, azakhali akupukuta mipando yobwereka, ndipo ababa anali atavala kale jekete ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo. Mwana wawo woyamba, achemwali ake a Kawaya, anali atamaliza maphunziro a unamwino. Masanawo abale ndi anansi ankabwera kudzasangalala nawo.

Kawaya anali mtsikana wa ku sekondale. Dzinali anamupatsa ndi anzake, chifukwa m'matumba a yunifolomu yake simunkasowa tizidutswa ta waya. Akaweruka kusukulu ankapita kwa a Mmisiri, bambo wachikulire wokonza mawailesi kuseri kwa msika, kukaphunzira ntchito. Ababa zimenezi sizinkawasangalatsa, ndipo sankabisa.

Pabalaza panali ampulifaya yokwezera mawu a nyimbo, yakuda, yolemera, yofundidwa kansalu koluka. Ababa anaigula atangoyamba ntchito, ana onse asanabadwe. Munthu wina aliyense sankaloledwa kuikhudza. Ngakhale fumbi ankapukuta okha.

M'mawa wa tsikulo kunafika a Changu, amuna awo a achemwali, amene ankayendetsa lole. Anthu anawatcha dzinali chifukwa chilichonse ankachita mothamanga, ngakhale kupereka moni. Anabwera ndi masipika awiri aakulu obwereka, ndipo anawalumikiza okha pamene ababa anali kubafa.

Ababa atalowa pabalaza anavundukula kansalu kaja, n'kudina switchi. Kagetsi kofiira ka kutsogolo sikanayake. Anadinanso. Ampulifaya inangoti zii.

"Dzulo lomweli imalira," anatero ababa. "Ndani waigwira?"

"Ine ndangoikako masipika basi, apongozi," anayankha a Changu, akupukuta thukuta. "Mwina yangokalamba."

Ababa anatembenukira kwa Kawaya, amene anali ataima pakhomo ndi tsache m'manja.

"Iwe, tamvera. Ine ndinakutumiza kusukulu kuti ukagwire cholembera ngati mkulu wakoyu. Iwe ukutha nsapato kupita kumsika, n'kumabwera kuno zala zili bii. Ndakhala ndikuyang'ana, osanena zambiri. Lero tione chimene umakatenga kumeneko. Ikalira alendo asanabalalike, uzipitabe kwa a Mmisiri ako. Ikapanda kulira, Lolemba ukaweruka uzibwera molunjika kunyumba, nkhani ya mawaya ithere pomwepo. Wamva?"

"Ndamva, ababa," anatero Kawaya. Anatsamiritsa tsache kukhoma n'kukatenga kachitini kake ka zida.

2. Kuyambira kukhoma

M'kachitinimo munali sikuludiraiva, kapulayazi, chowotcherera mawaya, ndi mita yakale yoyezera magetsi imene a Mmisiri anamupatsa.

A Changu anali atatola kale mpeni wa patebulo kuti amasulire chivundikiro.

"Dikirani, alamu," anatero Kawaya. "Sitiyambira m'mimba."

"Ndiye tiyambira kuti, adokotala?"

"Kukhoma."

Limeneli linali phunziro loyamba la a Mmisiri. Tsiku limene Kawaya anayamba ntchito anamuuza kuti: "Mwananga, chipangizo chikakana kuyaka, usathamangire kuchitsekula. Uzitsata magetsi monga momwe umatsatira madzi pampopi ukauma. Yamba wafunsa ngati madziwo akubwera n'komwe. Kenaka paipi, kenaka mpopi. Ndaona anthu atamwaza wailesi yonse pamphasa, tizitsulo mbwee, pamene vuto linali soketi yakukhoma. Kuchotsa n'kosavuta. Kubwezera ndiye ntchito."

Kawaya anazula pulagi ya ampulifaya n'kulowetsapo ya ketulo. Kagetsi ka ketulo kanayaka.

"Kukhoma kulibe mlandu," anatero.

Anamasula pulagi ija. Mawaya onse anali omangika bwino, opanda kupserera. Anayeza nthambo ndi mita, kuchokera kupulagi mpaka pomwe imalowera mu ampulifaya, ndipo mita inalira kuti tiii, kusonyeza kuti njira ndi yotseguka.

Azakhali anasuzumira pazenera. "Kodi yayamba kulira? Nyimbo yake ndi imeneyo?"

"Ndi kamita, azakhali."

"Ooh! Ndimati tivine."

Kawaya anagwada pafupi ndi mpando wa ababa. "Ababa, kunja konse kuli bwino. Vuto lili m'kati. Mundilola nditsekule?"

Ababa anayang'ana ampulifaya yawo kwa kanthawi. Chigulireni inali isanatsekulidwepo.

"Tsekula," anatero. "Koma masikulu anga ndiwapeze onse."

Kawaya anaika masikuluwo m'kapu kuti asasowe. Anaonetsetsa kuti pulagi ili pansi, pomwe aliyense akuiona. Atachotsa chivundikiro sanapise dzanja. Anayamba wayeza zitini ziwiri zazikulu za m'katimo, zimene amisiri amati makapasita, chifukwa zimasunga magetsi ngakhale utazula pulagi. Mita itasonyeza kuti zatha mphamvu, m'pamene anaweramira pafupi n'kununkhiza. Munali kafungo ka chinthu chopserera.

3. Kapepala ka ndudu

Pafupi ndi thiransifoma, chitsulo chochepetsa mphamvu ya magetsi, panali fyuzi, kagalasi kakang'ono ngati nsonga ya chala, kokhala ndi kawaya m'kati. Kawaya anaizula n'kuiyang'ana cha kuwindo. Galasi lonse linali lakuda ngati lasuta utsi. Mita itaikhudza sinalire.

"Fyuzi yapsa," anatero.

"Basi? Ndi zomwezo?" A Changu anawomba m'manja. "Apongozi, nkhani yatha! Zimenezi ndi za tsiku ndi tsiku pa lole."

Anatuluka panja, n'kubwera ndi paketi yopanda kanthu ya ndudu imene anatola mumsewu. Anang'amba kapepala konyezimira ka m'kati mwake.

"Tingokulunga fyuziyo ndi aka, n'kubwezera. Magetsi adutsa. Mlamu, patse kuno."

Kawaya anafumbata fyuzi ija. "Ayi, alamu."

"Ayi chiyani? Kodi siyaka?"

"Mwina iyaka."

"Nanga! Wamva mawu a bambo ako? Ikalira, wapambana. Ine ndikukuthandiza, iwe ukukana. Mwana wotani iwe?"

Panja panamveka moni wa alendo oyamba. Amayi analowa akupukuta manja pachitenje.

"Mwanawe, ngati pali njira yachidule, tsata yomweyo. Anthu afika. Ukufuna bambo ako achite manyazi?"

Ababa ankangogogoda chala pa mkono wa mpando.

Kawaya anayang'ana kapepala kaja. Kanali pafupi kwambiri, ndipo ntchito yake inali ya kanthawi kochepa. Kenaka anatsekula dzanja n'kuwaonetsa ababa fyuzi.

"Ababa, onani mmene yadera. Fyuzi ikangotopa ndi ukalamba, kawaya kamaduka koma galasi limakhala loyera. Ikada chonchi ndiye kuti magetsi ambiri anadutsa nthawi imodzi. Chilipo chimene chapsa m'katimu. Ndikaika kapepalako, chotchinga sichikhalaponso. Ndiloleni ndithamangire kwa a Mmisiri."

"Ukawaitane adzakukonzere?" anafunsa ababa.

"Ayi. Ndikabwereke chida."

"Nthawi ndi yako," anatero ababa. "Mawu anga sanasinthe."

A Changu anapinda kapepala kaja n'kukaika m'thumba la malaya. "Ana a masiku ano! Wometa uja wa pakona, wailesi yake ili ndi matenda omwewa. Ine ndikamukonzera lero lomwe, muone."

4. Mawu a a Mmisiri

Kashopu ka a Mmisiri kanali kodzaza mawailesi mpaka kudenga. Iwo anali pabenchi, magalasi ali pamphuno, akuwotcherera kanthu. Kawaya anafika ali wefuwefu, anapereka moni, n'kuika fyuzi ija patebulo. Anafotokoza zonse, ndi za mawu a ababa zomwe.

A Mmisiri anaitembenuza fyuziyo ndi chala.

"Kukhoma wayeza?"

"Ndayeza."

"Pulagi? Nthambo?"

"Zonse zili bwino."

"Nanga kapepalako unaika?"

"Ayi."

A Mmisiri anazimitsa chowotcherera n'kuvula magalasi.

"Khala pansi, upume. Ndikuuze chinthu chimodzi chimene anthu safuna kumva. Fyuzi si mdani wako. Fyuzi ndi mlonda wa pachipata. Ntchito yake ndi kufa kuti ena a m'nyumba akhale moyo. Ukapeza mlonda wagwa, funso loyamba si lakuti tiikepo ndani, koma lakuti wamugwetsa ndani. Amene amakulunga kapepala kapena kumangapo waya, wachotsa mlonda n'kusiya chipata pululu, wakuba akadali m'nyumba. Iyaka, inde. Anthu aomba m'manja. Kenaka thiransifoma itentha, pulasitiki isungunuka, ndipo kansalu kaja mumafundikako kagwira moto. Pamenepo woomba m'manja uja sumuonanso. Chimene chimatsala ndi dzina lako, chifukwa anthu safunsa kuti ananena ndani, amafunsa kuti anagwira ndani."

Anaimirira n'kutsitsa thabwa limene linali pamsomali. Pathabwapo panali soketi, nthambo ya pulagi, ndi babu lakale lija lokhala ndi kawaya m'kati, limene limatentha likayaka.

"Thabwa ili ukulidziwa. Magetsi amayamba adutsa m'babu asanafike kuchipangizo. Ngati m'katimo muli shoti, ndiye kuti magetsi akudumphira njira yachidule yosayenera, babu liwala kwambiri osaleka, ndipo limwa mphamvu yonse, china chilichonse sichipsa. Ngati muli bwino, liwala kamodzi kenaka n'kuzilala. Usasinthe n'kuikapo mababu atsopano oyerawa, sagwira ntchito imeneyi. Nayi fyuzi. Yang'ana nambala yake, ifanane ndi yakaleyo. Yaikulu kuposa apo ndi kapepala ka ndudu komweko, kungoti kavala jekete."

"Simubwera nawo?" anafunsa Kawaya.

"Ayi. Bambo ako sakuyesa ine. Koma tamvera izi. Ukaona kuti vuto lakukulira, tseka chivundikiro, unene poyera kuti sinditha. Palibe manyazi pamenepo. Ngakhale atakuletsa kubwera kuno, ndi bwino undisowe kusiyana n'kuti uwotche nyumba ya makolo ako. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Pulagi ikhale pansi nthawi zonse pamene dzanja lili m'kati. Pita."

5. Babu linena zoona

Pobwerera anapeza bwalo ladzaza. Anthu anali atayamba kudya popanda nyimbo, moti kunkamveka masupuni okhaokha.

"Uyo wabwera injiniya!" anakuwa amalume ena. "Watenga thabwa! Kodi ukukhoma bokosi loti tiikemo malemuyo?"

Anthu anaseka. Kawaya anawerama pang'ono mwaulemu n'kudutsa.

Pabalaza panali ababa okha ndi achemwali, amene anali atavala yunifolomu yawo yoyera kuti alendo aione. A Changu anaima pakhomo ndi mbale m'manja.

Kawaya anayerekeza manambala a mafyuzi awiriwo, n'kuika yatsopano. Analowetsa pulagi ya ampulifaya pathabwa, ya thabwa kukhoma, manja ali kutali. Anadina switchi. Babu linawala kuti ngwee, osazilala.

"Yayaka!" anatero a Changu.

"Si ampulifaya yayaka, alamu. Babu likuti muli shoti." Anazimitsa n'kuzula pulagi.

"Ndiye kuti kapepala kaja kakanatani?" anafunsa ababa.

"Mphamvu yonse mwaiona m'babuyi ikanalowa mu ampulifaya yanu."

Ababa anasiya kugogoda chala.

Achemwali anakoka mpando n'kukhala pafupi. "Usathamange, mng'ono wanga. Ifenso anatiphunzitsa kuti kutentha thupi si matenda. Ukangoziziritsa osafufuza, wodwala umutaya."

Kawaya anayezanso makapasita, kenaka anayamba kutsata njira ya magetsi ndi mita. Thiransifoma inali bwino. Tizida totsatira tinali bwino. Anafika pa mathiranzisita, tizida takuda ta miyendo itatu tomangidwa pa chitsulo choziziritsa, timene timakankha mawu kupita kumasipika. A mbali ya kumanja anali bwino. Atakhudza a kumanzere, mita inalira mwendo uliwonse.

"Awa ndiwo apsa," anatero. "Koma sapsa okha."

Anatembenuza ampulifaya kuti aone kumbuyo. Pamalo olumikizira sipika ya kumanzere panali mtolo wa mawaya. Masipika awiri obwereka aja ndi sipika ya ababa zonse zinali zitapotokoledwa pamodzi, n'kukanikizidwa pabowo limodzi. Timawaya tina tinali titatuluka ngati ndevu, n'kukhudza mbali inayo. Pamenepo panali kachidontho kakuda.

Kawaya anangosendeza ampulifaya kuti kuwala kwa pawindo kugwere pamalopo. Ababa anaweramira pafupi, kenaka anakweza maso n'kuyang'ana pakhomo.

"Kumanjako bowo lake linali lothina," anatero a Changu, akuyang'ana m'mbale. "Ndiye ndinati zonse zilowe kumodzi. Inalira bwinobwino poyamba, apongozi. Kenaka inangoti phu."

"Ndiye munangokhala chete?" anafunsa achemwali.

"Ndimati ipuma kaye."

Ababa anapukusa mutu. "Katundu wa malole awiri mwakweza pa lole imodzi, akamwini. Inu oyendetsa galimoto."

A Changu anatuluka mwakachetechete, mbale ili m'manja.

6. Mbali imodzi

"Ndiye ilira kapena ayi?" anafunsa ababa.

"Mathiranzisita atsopano ndilibe, ababa, ndipo sindikunamizani. Mbali ya kumanzere lero siilira. Koma ndikachotsa opsawa, ya kumanja ikhoza kulira yokha, ndi sipika yanu imodzi. Obwerekawa akhale pambali."

"Imodzi yokha? Pa anthu onsewa?"

"Imodzi yokha. Koma mawa ampulifaya yanu idzakhalapo."

Ababa anangogwedeza mutu.

Kawaya anatenthetsa chowotcherera. Anamasula mathiranzisita opsawo mwendo umodziumodzi, achemwali atamugwirira tochi.  Anachotsa mtolo wa mawaya uja, anadula nsonga za nthambo ya sipika ya ababa, anazipota bwino kuti pasatuluke ndevu, n'kuzimanga kumanja.

Analowetsanso pulagi kudzera pathabwa. Anadina switchi.

Babu linawala kamodzi, kenaka linazilala pang'onopang'ono mpaka kutsala kofiirira ngati khala. Kutsogolo kwa ampulifaya kagetsi kofiira kanayaka.

Achemwali anagwira pakamwa.

Kawaya sanafulumire. Anazimitsa, anazula pulagi, anabwezera chivundikiro, n'kumanga masikulu onse mpaka kapu inatsala yopanda kanthu. Anaionetsa kwa ababa. Atatero anachotsa thabwa n'kulowetsa pulagi kukhoma.

"Dinani ndinu, ababa. Ndi yanu."

Ababa anapukuta chala pajekete n'kudina. Anakweza mawu pang'ono. Nyimbo yawo yakale, imene ankaikonda Lamulungu masana, inadzaza pabalaza n'kutulukira pawindo.

Panja kunabuka chisangalalo. Azakhali anataya nsalu yopukutira n'kuyamba kuvina pakati pa mipando. Amalume aja analowetsa mutu pazenera.

"Malemu adzuka! Injiniya, ndakhululuka, wailesi yanga ndibweretsa mawa!"

"Wokhululuka ndi iyeyu, osati inu," anatero amayi, akuseka. Anamukoka Kawaya n'kumupukuta chipumi ndi chitenje. "Taonani zala zake. Pita ukasambe, udye."

Ababa anaimirira. Anagwira ana awo awiri, wina dzanja ili wina ili, n'kutuluka nawo pakhonde. Anakweza dzanja kuti anthu akhale chete.

"Abale, lero munabwerera mwana mmodzi. Uyu wa zoyerayu mukumudziwa. Koma ndikufuna muonenso uyu wa zala zakudayu. Lero m'mawa ndinamuika pamayeso, ndipo ndinamupanikiza. Panali njira yoti andisangalatse msanga, tonse tinkamukankhira komweko, ngakhale ine ndinangokhala chete. Anakana. Analolera kuti mumuseke, analolera kutaya chimene amachikonda, koma osandinamiza. Ana inu amene muli apa, mverani. Munthu amene amakupatsa chimene ukufuna pompopompo, umuope. Amene amakuuza kuti dikira ndione, umusunge. Nyimbo mukuimvayi ikutuluka mbali imodzi, koma ine sindinaimvepo ikukoma chonchi."

Anatembenukira kwa Kawaya.

"Lolemba ukaweruka upite kwa a Mmisiri. Ukawauze kuti ndikufuna mbali inayo ilire, ndipo uikonze ndiwe, ndi manja akowa. Koma sukulu isatsike, wamva?"

"Ndamva, ababa. Zikomo."

Kawaya anatenga fyuzi yakuda ija n'kuisunga m'kachitini kake.

7. Mlendo wosaitanidwa

Dzuwa litapendeka, alendo ena anayamba kutsazika. Kawaya anali kuseri akutsuka mbale ndi azakhali. Achemwali anabwera akuyang'anayang'ana.

"Kodi alamu ako wawaona? Chichokereni pabalaza paja sindinawaonenso."

"Ayi, achemwali."

Nthawi yomweyo pageti panamveka kugogoda kwamphamvu. Analowa wometa wa pakona uja, epuloni yake ili ndi mwaye, nsidze za mbali imodzi zitawauka. M'manja ananyamula wailesi yosungunuka pakona, ikununkha pulasitiki yopsa. Anaiponya pansi pakati pa bwalo, ndipo ovina onse anaima.

"Ali kuti mtsikana wa kwa a Mmisiri?" anakuwa. "Galasi langa lasweka, katani yapsa, shopu yonse utsi okhaokha! A Changu aika kapepala ka ndudu m'wailesi yanga, ndipo akuti njira imeneyi wawaphunzitsa ndi iyeyo!"

Ababa anatsitsa mawu a ampulifaya mpaka zii. Anthu onse anatembenukira kuseri kwa nyumba.

Kawaya anaika mbale pansi, anapukuta manja, anatenga kachitini kake, n'kulunjika pomwe panali wometa uja.